Oyilo woyezera m'mabotolo akutiphera mapampu, tiyeni tikambirane

Lero ndalemba zazitali, ndiye amene bandulo yatsala pang'ono pepani, koma werengani ndithu mpaka kumapeto. Nkhani yake ndi ya oyilo wa injini zing'onozing'ono: mapampu othirira m'madimba, majenereta, njinga zamoto, masipuleya a injini, ndi makina otchetchera kapinga aja muli nawo m'mayadi inu a m'tauni.

Pali mawu amene amamveka pamsika, kudimba, ngakhale pamaliro amuna akakhala pansi pa mtengo: "Oyilo ndi oyilo basi, bola aziterera." Mawu amenewa ine ndikuwakana, ndipo ndikuti ndi amene akutiphera mapampu chaka ndi chaka. Pampu ikafa timati makina a masiku ano ndi osalimba, timati ndi za ku China izi, ena mpaka timayamba kuyang'ana mnansi ndi diso loipa. Koma makaniko akatsegula injini yakufayo, kawirikawiri amapeza oyilo wakuda bii ngati phula, kapena wotsala pansi penipeni, kapena wosayenera injiniyo. Ndipo pampu siifa mu Febuluwale mvula ikugwa ayi. Imafa mu Okutobala, chimanga chikumasula, tomato ali ndi maluwa, dzuwa likuswa mtengo. Masiku anayi opanda madzi, mbewu yonse yagona. Feteleza uja munakongola, fizi ija munalonjeza mwana, zonse zapita chifukwa cha kabotolo kamodzi.

Tiyambe ndi kudziwa zimene zili m'kati mwa kainjini kameneka. Mapampu ambiri a mainchesi awiri kapena atatu ali ndi injini ya Honda GX160 kapena GX200, apo ayi zija zofanana nazo zolembedwa 168F, 5.5 HP kapena 6.5 HP. Injini imeneyi ikathamanga mokwanira imazungulira maulendo 3,600 pa mphindi, kutanthauza maulendo 60 pa sekondi imodzi. Galimoto ili ndi redieta ndi madzi oziziritsa, ili ndi pampu yokankha oyilo, ili ndi fyuluta yosefa oyiloyo, ndipo imanyamula malita atatu, anayi kapena kuposa. Kainjini ka pampu kalibe zonsezi. Kamazizira ndi mphepo chabe. Oyilo wake ndi 0.6 ya lita, kuposa pang'ono botolo la madzi la theka la lita. Pansi pa mkono wa pisitoni pali kachitsulo konga kasupuni kamene kamamenya oyilo n'kumuwaza m'kati monse, ngati mmene amayi amawazira madzi pabwalo asanasese. Kutereretsa zitsulo, kuchotsa kutentha, kunyamula litsiro, yonseyi ndi ntchito ya oyilo wochepa yemweyo. Ndiye mukuona kuti kainjini kakang'ono kamazunza oyilo kuposa galimoto. Ife timachita zotembenuza: wabwino timati ndi wa magalimoto a mabwana, zotsalira timathira mu pampu imene ikutidyetsa.

Funso loyamba musanapite kogula ndi ili: injini yanga ndi ya mtundu wanji? Ilipo mitundu iwiri, ndipo pa mabotolo amalemba 4T ndi 2T. Ya 4T ili ndi malo akeake a oyilo, pali chivindikiro chokhala ndi kandodo koyezera, ndipo mu thanki mumalowa petulo yekha. Mapampu ambiri, majenereta akuluakulu, njinga za kabaza ndi makina a kapinga okankha aja ndi a 4T. Ya 2T ilibe pothira oyilo. Oyilo amasakanizidwa ndi petulo n'kupsera limodzi. Macheka a injini, makina otchetchera udzu opachika paphewa, masipuleya a injini oberekera kumsana, ndi timajenereta tija tautsi tolembedwa 950, zambiri mwa izo ndi za 2T. Oyilo wa 2T anapangidwa kuti azipsa osasiya phulusa lambiri. Wa 4T anapangidwa kuti akhale m'kati nthawi yaitali osapsa. Mukathira wa 4T mu petulo, mwaye umadzaza pa pulagi, pa pisitoni ndi mu ekizozi mpaka injini kubanika. Mukathira wa 2T mu pampu, alibe mphamvu yoteteza zitsulo maola ambirimbiri. Awiriwa sasinthanitsidwa, mwamva eti?

Tsopano manambala aja a pabotolo: SAE 30, SAE 40, 10W-30, 15W-40, 20W-50. Ambiri timawaona ngati zokongoletsa. SAE ndi bungwe la mainjiniya a zamagalimoto lochokera ku America limene linaika muyeso wa kulimba kwa oyilo. Ganizani za phala: lilipo lamadzimadzi, lilipo lolimba. Nambala ikakula, oyilonso ndi wolimba. Komanso oyilo aliyense akatentha amasungunuka, akazizira amalimba, ngati uchi m'mawa wa mu Juni. Pa 10W-30, chilembo cha W chikuimira nyengo yozizira. Nambala yoyambayo ikunena mmene oyilo akuyendera injini ili yozizira, yachiwiriyo ikunena kulimba kwake injini itatentha, pa madigiri 100. Choncho 10W-30 ndi SAE 30 amafanana injini ikatentha. Kusiyana kwake n'kwakuti 10W-30 amayenda msanga m'mawa mukangoliza.

Nanga eni ake opanga makinawa amati chiyani? Kabuku ka Honda ka injini za GX kamati 10W-30 ndiye wa masiku onse, ndipo SAE 30 ndi wololedwa kunja kukamatentha. A Briggs & Stratton, amene injini zawo zili pa makina ambiri a kapinga, amati SAE 30 ngati kunja kwapitirira madigiri 5, ndipo amachenjeza kuti 10W-30 amatha msanga kukatentha kupitirira madigiri 27, ndiye muziyeza pafupipafupi. Tsono taganizani za kwathu kuno. Nyengo yothirira kwambiri ndi Seputembala, Okutobala ndi Novembala. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje kumafika madigiri 40. Ku Salima, ku Mangochi, ku Karonga nakonso dzuwa silichita masewera. Kumeneko SAE 30 wabwino akukwanirani, ndipo ngati sakupezeka, ine ndingasankhe 15W-40 amene walembedwa kuti ndi wololedwanso mu injini za petulo. Inu a ku Dedza, kumtunda kwa Ntcheu, ku Mzimba, kumene mu Juni ndi Julayi mame amaluma zala, 10W-30 akuthandizani kuliza m'mawa. Koma ngati kabuku ka makina anu kalipo, mawu omaliza ndi a kabukuko, osati anga. Safunsa anadya phula.

Ndikudziwa kuti amakaniko ena atsutsa. Iwo amati, "Thirani 20W-50 kapena SAE 50, wolimba ndi amene amagwira." Sakunama pa zonse. Injini yokalamba, maringi atadyeka, ikufuka utsi wabuluu, oyilo wolimbirako amachepetsa utsiwo ndipo angakufikitseni kokolola. Koma kumeneko n'kumanga nsanza pabala, maringi akufunika kusintha basi. Pa injini yatsopano kapena yabwinobwino, kumbukirani kasupuni kaja. Ntchito yake ndi kuwaza oyilo mpaka afike paliponse. Tayesani kuwaza phala lolimba ndi chipande muone ngati lifika patali. M'mawa kozizira oyilo wolimba kwambiri amachedwa kufika, zitsulo zimakhulana zouma pa masekondi oyambawo, ndipo m'pamene injini imadyeka. Amalemetsanso injini, petulo n'kumatha msanga. Ndipo chonde, oyilo wa giya uja wonunkha wolembedwa 80W-90 kapena 90, ndi oyilo wa haidiroliki, asayandikire n'komwe injini yanu, ngakhale wina akupatseni ulere.

Palinso zilembo zina zimene sitiziyang'ana, koma kwa ine ndi zofunika kuposa dzina la kampani. Tembenuzani botolo, funani pamene palembedwa API. Limeneli ndi bungwe la zamafuta la ku America. Mupeza zilembo ziwiri: S ndi chinzake ndi za injini za petulo, C ndi chinzake ndi za dizilo. Chilembo chachiwiricho chikamapita kutsogolo pa alifabeti, ndiye kuti oyiloyo ndi wamakono. SJ anabwera m'zaka za m'ma 1990, SL mu 2001, SM mu 2004, SN mu 2010, SP mu 2020. A Honda amati SJ kapena kupitirira apo. Mukapeza botolo lolembedwa SA kapena SB, libwezereni pa shelefu. A API eni ake amati SA ndi wosayenera injini yopangidwa chitadutsa chaka cha 1930, ndipo SB chitadutsa 1951. Tangoganizani, 1930, agogo athu ambiri asanabadwe. Oyilo wotere ndi wosowa mankhwala otsuka injini. Ndipo botolo lopanda SAE, lopanda API, longojambulidwa galimoto yothamanga ndi mawu okoma, chikomekome cha mkuyu chimenecho, m'kati muli nyerere.

Tifike pa oyilo woyezera, uja amagulitsa m'mabotolo a zakumwa pamsika, pafupi ndi siteji ya kabaza. Sindikunyoza anyamata amene akusaka ya sopo, moyo wavuta kwa tonse. Ena mwa iwo amagula chigubu chenicheni n'kumagawa mwachilungamo. Vuto ndi lakuti inu ogula mulibe njira yodziwira. Botololo lilibe dzina, lilibe nambala, lilibe chidindo. Mwina ndi 20W-50, mwina asakaniza mitundu itatu, mwinanso ndi oyilo wakale wochotsedwa mu lole, wosefedwa ndi nsalu n'kusiyidwa adikhe mpaka aoneke bwino. Kupaka pa zala n'kumati "ameneyu ndi weniweni" si kuyeza kumeneko. Mankhwala a mu oyilo akatha mphamvu saoneka ndi maso. Komanso botolo lija munali chiyani? Timadontho ta madzi, shuga wa chakumwa, fumbi la pamsika lolowa potsegula ndi potseka. Paja ndanena kuti injini yathu ilibe fyuluta ya oyilo. Kamchenga kalikonse kolowa kamangozungulira momwemo, kukhula zitsulo ngati sandipepa, mpaka tsiku losintha. Gulani pamalo omwetsera mafuta kapena mu shopu yodziwika, botolo losatsegula, mkombero wa pachivindikiro uli wosaduka. Likatha, liboolani botololo musanataye, chifukwa mabotolo opanda kanthu a mayina odziwika ndi amene achinyengo amawatola n'kuwadzazanso.

Wina anena kuti, "Akulu, mukulankhula ngati ndalama ilipo." Chabwino, tiwerengere limodzi. Pampu ya GX160 ikamakoka madzi mwamphamvu imamwa petulo wopitirira lita imodzi pa ola. Pa maola 100 ndiye kuti mwawotcha malita oposa 100 a petulo, ndipo mtengo wake mukuudziwa, mizere yake mukuidziwanso. Pa maola 100 omwewo, oyilo wofunika ndi 0.6 ya lita. Ngakhale mutasintha kawiri chifukwa cha fumbi, ndi lita imodzi ndi kanyenyeswa. Ndiye pogula woyezera tikupulumutsa zingati? Ikani kandalama kameneko mbali ino. Mbali inayo ikani mtengo wa pisitoni, maringi, mkono, kirankishafuti, ya makaniko, ya ulendo wokasaka zipangizo ku tauni, ndi masiku amene mbewu ikudikira padzuwa. Kulemera kuli kuti? Chigubu cha malita 5 chimasintha oyilo maulendo 8. Alimi anayi mutasonkherana, aliyense asintha kawiri, ndipo kawirikawiri mukawerengera pa lita chigubu chimatsika mtengo kuposa timabotolo. Feteleza timagula pagulu, mbewu timagula pagulu, ku banki m'khonde timasonkha sabata ndi sabata. Oyilo yekha ndiye watikanika?

Mukasankha bwino simunathe, chifukwa ngakhale oyilo wapamwamba akakhalitsa amasanduka woipa. Injini imawerenga maola. A Honda amati pa injini yatsopano sinthani pakatha maola 20 oyamba kapena mwezi umodzi, kenako maola 100 aliwonse kapena miyezi 6. A Briggs & Stratton amati maola 5 oyamba, kenako maola 50 aliwonse kapena kamodzi pa chaka. Pa fumbi ndi pa kutentha ngati kwathu kuno, ndi bwino kusintha nthawiyo isanakwane. Kusintha koyambako musakudumphe, chifukwa zitsulo zatsopano zikamazolowerana zimatulutsa tinyenyeswa tonyezimira, mudzationa nokha mu oyilo wochotsayo. Tsono ngati mukuthirira maola 5 pa tsiku, maola 50 akwana m'masiku 10, maola 100 m'masiku 20. Munthu amene amati "ndinasintha chaka chatha" chonsecho wathirira miyezi itatu, pampu yake ikuyendera chisomo. Ndipo kuwonjezera si kusintha. Mukathira kapu ya madzi oyera m'beseni lotsukira mbale, madziwo sayera.

Pampu ya kalabu ndi imene imazunzika kwambiri, chifukwa aliyense amaganiza kuti mnzake anayeza dzulo. Ikanoka, tsoka ndi la amene inamufera m'manja, ngakhale anaiwononga ndi anthu khumi. Kenako milandu kwa amfumu, anthu opemphera tchalitchi chimodzi osapatsana moni. Zonsezi kope limodzi la sukulu lingazithetse. Liikeni m'jumbo, limangeni pa pampupo. Wobwereka alembe dzina, tsiku ndi maola amene yagwira. Maola akakwana, mlembi aimitse pampu mpaka oyilo asinthidwe, kaya mzere wotsatira ndi wa atcheya. Pa ndalama yobwereketsa, patulani kaye ya oyilo isanapite kwina kulikonse.

Tsiku lililonse musanakoke chingwe, yezani. Ndi mphindi imodzi yokha. Pampu ikhale pamalo athyathyathya, pukutani kandodo, kalowetseni, katulutseni muone. Pa injini za mtundu wa GX simupota chivindikirocho poyeza, ndipo oyilo ayenera kufika m'mphepete mwa pakamwa pothirirapo. Wochuluka kwambiri nayenso ndi vuto, amachita thovu, amatulukira ku fyuluta ya mpweya, utsi tolotolo. Kumtsinje musaike pampu chopendekeka pagombe, chifukwa oyilo amathawira mbali imodzi kasupuni kaja n'kumamenya mphepo. Salazani ndi khasu, yalani thabwa. Injini zambiri zili ndi kachipangizo kozimitsa oyilo akachepa, a Honda amakatchula Oil Alert. Anthu ena ikangozima amadula kawaya kake ati kakuvuta. Aaa, kumeneko n'kumanga pakamwa galu amene akuuwa wakuba.

Onaninso maonekedwe ake. Oyilo wotuwa ngati tiyi wamkaka ndiye kuti mwalowa madzi, sinthani pompo. Wonunkha petulo, wochulukanso kuposa mmene munathirira, ndiye kuti kabureta ikudontheza; muzitseka kampopi ka petulo nthawi zonse mukazimitsa, makamaka ponyamula pa njinga kapena pa ngolo. Posintha, chotsani injini ikadali yofunda kuti litsiro lituluke lonse. Ndipo fyuluta ya mpweya ndi mlonda wa oyilo. Ikang'ambika kapena mukaichotsa, fumbi la mu Okutobala limalowa n'kukathera mu oyilo, ndiye ngakhale munagula wodula bwanji mwataya ndalama. Ya siponji ija ichapeni ndi sopo, iume bwinobwino, muidonthezere oyilo pang'ono, muifinye, mubwezere.

Inu a makina a 2T, nkhani yanu yagona pa muyeso. A Stihl ndi a Husqvarna amati 50:1 ndi oyilo wabwino wa 2T, kutanthauza 20 ml pa lita imodzi ya petulo, 100 ml pa malita 5. Makina ambiri otsika mtengo amalemba 25:1, ndiye 40 ml pa lita, 200 ml pa malita 5. Ena amati 40:1, ndiye 25 ml pa lita. Onani pa thanki kapena m'kabuku. Gulani sirinji ya 20 ml ku famase, ikhale ya ntchito imeneyi basi. Zoyeza ndi maso kapena ndi chivindikiro cha botolo zapha makina ambiri: akachepa, pisitoni imagwirana ndi silinda nthawi yomweyo, akachuluka, utsi, mwaye, pulagi kufa sabata iliyonse. Sakanizani m'chigubu choyera n'kukhutchumula, kenako muthire mu thanki. Pabotolo funani JASO FC kapena FD. Inu a kunyanja, oyilo wa injini za maboti wolembedwa TC-W3 anapangidwira injini yozizira ndi madzi, musamuthire m'macheka kapena mu sipuleya, zimenezi zimatentha kwambiri. Komanso petulo wathu kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Sakanizani wongokwanira ntchito, wosakaniza asagone kupitirira mwezi.

Anyamata a kabaza, inunso muli ndi yanu. Pa njinga zambiri, oyilo wa injini ndi yemweyo amene amasambitsa kilatchi ndi magiya. Oyilo wina wa magalimoto amakono ali ndi mankhwala otereretsa kwambiri, ndipo kilatchi imayamba kuterereka, njinga ikulira koma osakoka pa chitunda mutanyamula matumba awiri. Funani 4T wolembedwa JASO MA kapena MA2, nambala yake mutsate kabuku ka njinga yanu. Eni zigayo za dizilo ndi mapampu a dizilo, inu funani chilembo cha C, monga CF, CH-4 kapena CI-4, kawirikawiri pa 15W-40 kapena SAE 40. Oyilo wa mu dizilo amada msanga chifukwa cha mwaye, ndi mmene alili, ndiye musayendere mtundu wake, yenderani maola.

Tsopano inu achibale a m'tauni ndi akunja, khalani tsonga. Timathokoza ndithu mukatitumizira pampu kapena jenereta, Mulungu azikudalitsani. Koma dziwani kuti makina atsopano ambiri amabwera opanda oyilo m'kati. Munthu amene sanauzidwe amathira petulo, kukoka chingwe, ndipo ngati mulibe kachipangizo kozimitsa kaja, mphatso yatha tsiku lomwelo. Tumizani limodzi ndi malita awiri a oyilo woyenera, ndipo kabuku musakataye ndi katoni. Ngati kali m'Chingerezi, mwana wa Fomu 2 atiwerengera. Oyilo wotsala wa galimoto yanu yamakono, uja wa 0W-20, musatitumizire, ndi wamadzimadzi kwambiri pa injini yozizira ndi mphepo padzuwa la kuno.

Makina anu a kapinga nawonso malamulo ake ndi omwewa, kungoti nyengo yanu ndi yotembenuza: amagwira ntchito kwambiri m'dzinja udzu ukamakula, m'chilimwe n'kumangokhala mu sitolo. Sinthani oyilo musanawasunge, chifukwa oyilo wakale amadya zitsulo ngakhale injini itangokhala. Powapendeketsa kuti munole mpeni kapena kuchotsa udzu pansi, chotsani kaye waya wa pulagi, ndipo mbali ya fyuluta ya mpweya iyang'ane kumwamba, apo ayi oyilo alowa mu fyuluta ndi mu kabureta. Ndipo makina akafa musafulumire kudula malipiro a mnyamata wa payadi. Dzifunseni kaye: munamugulira oyilo liti, ndipo munamuonetsa poyezera?

Oyilo wakuda amene mwachotsa musamuthire m'dimba, mumtsinje kapena pafupi ndi chitsime. Madzi omwewo ndi amene tikumwa, ndi amene tikuthirira ndiwo zogulitsa. Musapake pa zilonda za ng'ombe kapena pa nkhupakupa, muli zitsulo ndi poizoni, ndipo ngakhale pa khungu la munthu ndi woipa akamakhudza kawirikawiri. Sambani ndi sopo mukamaliza. Musamusefe kuti abwerere mu injini ina. Musungeni m'chigubu chotseka bwino, cholembedwa, kutali ndi ana ndi moto, ndipo mukamapita ku tauni funsani ku galaja kapena pamalo omwetsera mafuta ngati amalandira. Chachikulu, asakhale m'botolo la chakumwa m'nyumba mmene muli ana okwawa.

Ndiye pempho langa ndi ili. Mawa m'mawa musanakoke chingwe, tsegulani chivindikiro muone zimene zili m'kati. Ngati simukukumbukira tsiku limene munasintha, tsiku lake ndi mawa lomwelo. Atcheya a makalabu, nkhani ya chigubu ndi kope ilowe pa msonkhano ukubwerawu. Amene muli ndi foni, awerengereni akuluakulu amene alibe, makamaka amayi athu amene akuyendetsa madimba okha amuna ali ku Joni. Amakaniko amene simukugwirizana nane, bwerani tikambirane, ndimva. Tionana kudimba.